Ku intavyu ndikuitanidwa, koma kalata ya ntchito siikubwera: chikundigwetsa n'chiyani?

Kambuzi_dev:
Akuluakulu, moni nonse. Pagulu pano ndimangowerenga, koma lero ndati ndilankhule chifukwa zafika pondisowetsa tulo. Ndili ndi digiri ya kompyuta, ndinapangako internship, ndipo ndimalemba ma web app ndi Laravel ndi React, Python pang'ono. Kuitanidwa ku intavyu ndikuitanidwa ndithu: kubanki, kumabungwe, kumakampani ang'onoang'ono a mapulogalamu, ngakhale akunja pa Zoom. Kangapo ndafika mpaka gawo lomaliza, kugwirana chanza ndi bwana wamkulu. Kenako zii. Apo ayi imabwera imelo ija yoti tinasangalala kucheza nanu koma tasankha wina. Ya basi yochoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe ndimachita kubwereka, ndipo kunyumba anasiya kundifunsa kuti zayenda bwanji, amangondiyang'ana nkhope. Inu amene munadutsamo, komanso inu amene mumakhala mbali inayo ya tebulo, ndiuzeni mosabisa: chimagwetsa munthu pamapeto penipeni n'chiyani?

Chilomoni Coder:
Aise, usadziimbe mlandu. Ntchito zambiri zimene timaziona mu nyuzipepala zimakhala zili kale ndi mwini wake. Intavyu amangopanga kuti pa fayilo paoneke kuti anthu anapikisana. Popanda wokugwira dzanja m'katimo, ungomalizira ndalama pamsewu.

NaPhiri wa HR:
Achimwene a ku Chilomoni, zimenezo zimachitika, sindingakane. Nthawi zina pamakhala munthu amene wakhala akugwirizira mpandowo kwa miyezi, ndipo malamulo a pamalopo amati ntchitoyo ilengezedwebe. Wakunja kuti amupose ameneyo n'kovuta. Koma mukamuuza mnyamatayu kuti zonse zili choncho, mwamulanda chinthu chokhacho chimene iye angathe kukonza.

Ine ndakhala pa ma panelo ambiri, ndikuuzeni mmene zimayendera. Aliyense wa ife amakhala ndi pepala la mafunso omwewo, ndipo funso lililonse lili ndi malikisi ake. Mukatuluka, timaphatikiza. Kawirikawiri woyamba ndi wachiwiri amasiyana pang'ono zedi, mwina funso limodzi lokha limene wina anayankha ndi chinthu chimene anachitadi pomwe winayo anayankha ndi tanthauzo la m'buku. Ndiye a Kambuzi, ngati mukufika gawo lomaliza mobwerezabwereza, CV yanu ikugwira ntchito yake, lekani kuikonzakonza. Nkhani ili m'chipinda muja.

Mkulu wa ma Server:
Mphwanga, tisanapite patali, tiuze: umagwera pati kwenikweni? Pa mayeso olemba, pa practical ya code, kapena pa panelo? Ndipo tipatse funso limodzi limene unafunsidwa posachedwa ndi mmene unayankhira. Usalikongoletse.

Kambuzi_dev:
Akulu, practical ndimadutsa. SQL, ma JOIN, kupanga API yaing'ono, zimenezo sizindivuta. Nkhani imathera pa panelo. Posachedwa bwana wa IT anandifunsa kuti: ndi Lachisanu madzulo, kumapeto kwa mwezi, sisitimu yolipirira anthu yagwa, wamkulu wako sakuyankha foni, utani? Ndinayankha kuti ndiyang'ana pamene pali vuto n'kukonza, ndipo ndinawonjezera kuti sisitimu yotere ikufunika kuilembanso ndi zida zamakono n'kuiika pa cloud kuti isamagwegwe.

Mkulu wa ma Server:
Eya, apa ndiye tapeza pogwira. Yankho lako si labodza, koma ine ndikanakhala pa mpando wa bwanayo ndikanayamba kuopa. Mvetsa kaye chimene ife olemba anthu kuno kwathu timafuna. Ntchito zambiri za IT m'Malawi muno si zomanga chinthu chatsopano ayi. Ndi zosunga moyo wa sisitimu imene inalembedwa kalekale ndi munthu amene anachoka, yopanda documentation, koma ndiyo imalipira anthu, kusindikiza ma risiti, kusunga mayina a odwala. Bwana akamva mnyamata watsopano akunena zoilembanso, amaona ndalama zimene alibe ndi miyezi ya chisokonezo.

Pa funso lija ankafuna amve ndondomeko ya maganizo ako. Choyamba udziwitsa ndani kuti anthu asamangodikira mumdima. Kenako n'chiyani chinasintha komaliza: kodi wina anaika update, kodi disk yadzaza, kodi certificate yatha, kodi ndi magetsi kapena netiweki chabe. Uwerenga ma log ati, zolemba zija zimene sisitimu imasunga za zonse zimene zachitika. Usanakhudze database utenga backup, ndipo ukudziwa kuti backup ya dzulo ili pati komanso ngati inayesedwapo kubwezeretsa. Ngati chimene wasintha chaonjezera vuto, ubwerera bwanji pomwe unali. Ndipo pali zinthu zimene sungachite wekha popanda chilolezo, ngakhale ukuzidziwa. Munthu akandiyankha choncho, ngakhale asatchule chida chilichonse chamakono, ndimadziwa kuti ndingamusiyire ma password n'kukagona.

Funso lina limene ndimakonda: kasitomala walipira pa Airtel Money kapena Mpamba, ndalama yachoka mufoni mwake, koma uthenga wotsimikizira sunafike ku sisitimu yathu, kapena wafika kawiri. Utani kuti asalipire kawiri, ndipo ife tisampatse katundu kawiri? Achinyamata ambiri amene GitHub yawo (malo a pa intaneti osungirapo code) ndi yodzaza amakakamira pamenepa, chifukwa ma tutorial onse amaganiza kuti intaneti siiduka. Amene anapangako chinthu chimene anthu enieni anagwiritsa ntchito amayamba pompo kukamba za nambala ya transaction, kuisunga, kuifufuza usanalembe kachiwiri, ndi kufananitsa mabuku kumapeto kwa tsiku.

Mzuzu_Net:
Zimenezi n'zoona ngakhale kwa ife a netiweki. Satifiketi ya netiweki ya CCNA imakulowetsa pakhomo, koma m'katimo amakufunsa kuti nthambi ya ku Karonga yasowa intaneti, iwe uli ku ofesi yaikulu, amene ali kumeneko ndi mlonda ndi cashier basi. Uwatsogolera bwanji pafoni?

Mayi wa Data:
Ndikugwirizana ndi akulu a ma server, koma tisamusenzetse mwanayu katundu yense. Msika weniweniwo wasintha. Mu January 2025 boma la America linaimitsa thandizo lakunja, kenako USAID inatsekedwa. Amene munali m'mabungwe mukudziwa zimene zinatsatira. Kwa zaka zambiri mbali yaikulu ya ntchito zabwino za data ndi mapulogalamu kuno inali m'mapulojekiti a zaumoyo olipiridwa ndi ndalama zakunja: ma EMR (ma sisitimu osunga mbiri ya odwala) a m'zipatala, DHIS2 (sisitimu yosonkhanitsira malipoti a zaumoyo), kutolera uthenga ndi ODK, KoboToolbox kapena CommCare. Mapulojekiti atachepa, anthu a zaka zambiri pantchito anabwerera pamzere, ndipo akuvomera maudindo amene kale sakanawayang'ana n'komwe. Uku MUBAS, MUST, Mzuni, UNIMA ndi makoleji ena akutulutsabe ana chaka ndi chaka.

Ndiye a Kambuzi, n'kutheka kuti pa ma intavyu ena munayankha bwinobwino, koma amene analowa pambuyo panu anayendetsapo sisitimu m'maboma khumi. Zimenezo si mlandu wanu. Ndikunena izi kuti musayambe kudziona ngati wopanda pake, chifukwa mantha amenewo amaoneka pankhope, ndipo panelo imawaona.

Ngati muli ndi nthawi, phunzirani DHIS2. Inapangidwa ku University of Oslo, ndi yaulere, Unduna wa Zaumoyo umaigwiritsa ntchito, ndipo pa intaneti pali maphunziro oyambira aulere komanso seva yoyeserera yokhala ndi data ya chitsanzo ya Sierra Leone. Wodziwa kulemba code amene akudziwanso API ya DHIS2 (njira imene mapulogalamu ena amalumikizirana nayo) sapezeka wambawamba.

Chilomoni Coder:
Mayi, mwangonena kumene kuti ndalama za mabungwe zauma, ndiye mukumutumanso komweko?

Mayi wa Data:
Mwafunsa bwino. Mapulojekiti achepa koma zipatala sizinasiye kutumiza malipoti mwezi ndi mwezi, ndipo ma sisitimu aja akufunikabe owasamala. Sindikuti aike mtima wonse kumeneko. Ndikuti Laravel ndi React zili pa CV ya pafupifupi aliyense amene akupikisana naye. Pakufunika china chomusiyanitsa, kaya ndi zaumoyo, kaya zolipira pafoni ndi USSD, kaya zoteteza uthenga wa anthu. Lamulo la Data Protection Act linabwera mu 2024, ndipo mabanki, ma inshuwalansi ndi masukulu akuyenera kulitsatira. Mnyamata amene angafotokoze pa panelo mmene angasungire manambala a ziphaso za anthu mosamala ali kale patsogolo pa anzake.

Wa ku Joni:
Ndilankhuleko za akunja aja a pa Zoom, poti ine ndimagwira ntchito ku Johannesburg ndipo ndadutsa m'ma intavyu a makampani a ku Europe. Kumeneko masewera ake ndi ena. Meta inachotsa anthu 11,000 mu November 2022, Google 12,000 ndi Microsoft 10,000 mu January 2023, ndipo makampani ena ambiri anatsatira. Anthu onsewo anakalowa pamsika womwewo wa remote umene ife timauyang'ana. Ngakhale zisanafike pamenepo, Andela, kampani imene inkaphunzitsa ma developer a mu Africa n'kuwapezera ntchito kumakampani akunja, inali itasiya kale mu 2019 kusunga ma junior ambiri ku Nigeria, Kenya ndi Uganda, ponena kuti makasitomala akufuna anthu odziwa kale ntchito. Lero kwabweranso zida za AI zimene zikulemba code yophweka ija imene kale ankapatsa woyamba kumene. Choncho junior wa remote kuchokera ku Malawi n'zotheka, koma khomo lake ndi lopapatiza, ndipo kukanidwa kumeneko sikukuuza zambiri za luso lako.

Zimene zili m'manja mwako ndi izi. Pa live coding, pamene ukulemba code iwo akukuonerera, usakhale chete. Ife tinaleredwa kuti pamaso pa akulu umaganiza kaye mumtima kenako n'kuyankha, koma iwo akufuna amve ukuganiza mokweza: ndayamba ndi njira iyi, ndikuona kuti ichedwa data ikachuluka, ndiyese ina. Ukakhala chete mphindi zisanu amangolemba kuti munthuyu wasokonezeka. Funsanso mafunso usanayambe kulemba. Ndipo nkhani ya magetsi ndi intaneti uyambe ndiwe kuitchula, usadikire kuti akufunse. Nena kuti uli ndi inverter kapena sola, uli ndi ma netiweki awiri, kapena umakhala pamalo pamene pali intaneti ya Starlink, poti inafika ku Malawi mu 2023. Tchulanso kuti nthawi ya Malawi ndi yofanana ndi ya Berlin m'miyezi yawo yotentha, ndipo imangosiyana ola limodzi m'miyezi yozizira. Kwa kampani ya ku Europe zimenezo ndi zamtengo.

China: osayerekeza kutsegula ChatGPT pambali nthawi ya intavyu ngati sanakuloleze. Maso amaoneka akuwerenga, ndipo funso lotsatira lakuti chifukwa chiyani wasankha njira imeneyi limakuvula.

Zomba_UX:
Ndifunseko pomwepa. Kampani ina inandipatsa take-home, ntchito yondiyesera yokachitira kunyumba, yoti ndipange ma screen onse a app yawo, ntchito ya sabata yathunthu. Nditatumiza sanayankhenso. Kodi zotere tizikana?

Mkulu wa ma Server:
Achemwali, ntchito yoyesera munthu siyenera kupitirira maola ochepa, ndipo siyenera kukhala chinthu chimene kampaniyo ikagulitse. Akakupatsani yaikulu, afunseni mwaulemu kuti akufuna kuona luso liti, n'kupempha kuti mupange mbali imodzi yokha. Kampani yabwino imavomera. Yokana yakuonetsani kale mmene izidzakuchitirani mukalowa.

Wa ku Joni:
Ndipo mukapanga, isungeni mu portfolio yanu mutachotsa dzina lawo. Thukuta lanu lisapite pachabe.

Kambuzi_dev:
Zikomo nonse, ndikulemba m'kope. Mayi NaPhiri, funso la malipiro limandivutanso. Akandifunsa kuti ukufuna zingati, ndikatchula zambiri ndimaopa kuti andisiya, ndikatchula zochepa ndimaona nkhope zawo zikusintha.

NaPhiri wa HR:
M'mabungwe akuluakulu ndi m'mabanki ntchito iliyonse ili kale ndi giredi yake, ndiye funsolo nthawi zambiri ndi longoona ngati tingakukwanitseni. Palibe cholakwika kuyankha kuti mungakonde kumva kaye malire a giredi imeneyo. Akaumirira, tchulani kuyambira pakuti mpaka pakuti, ndipo nenani momveka ngati mukukamba za gross kapena zimene zimafika m'thumba. Ambiri amaiwala kuti pachoka PAYE, pachokanso 5 peresenti yanu ya penshoni, pomwe olemba ntchito amaikapo 10 peresenti. Komanso musatenge nambala imene mnzanu anakuuzani zaka zitatu zapitazo. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mitengo simunaiwale mmene yayendera. Funsani anthu amene ali pantchito panopa.

Kutchula zochepa kwambiri kumagwetsadi. Pa panelo timayamba kudzifunsa ngati munthuyu wamvetsa kukula kwa ntchitoyi, kapena ngati sadzathawa pakatha miyezi itatu akadzazindikira.

Ndiwonjezere ziwiri zimene anthu sazilabadira. Imelo yokukanani ija muziiyankha. Mizere iwiri yokha: zikomo, ndipo ngati n'kotheka ndiuzeni mbali imene ndingakonze. Ambiri sadzayankha, ena malamulo awo sawalola, koma wina adzakuuzani, ndipo chiganizo chimodzi chochokera kwa munthu amene anakuchongani chimaposa malangizo athu tonse pano. Komanso amene anakhala wachiwiri timamusunga. Woyamba akakana malipiro kapena akalephera probation, foni imapita kwa wachiwiriyo, makamaka ngati anasiya mbiri yabwino.

Chachiwiri ndi ma referee. Ndaonapo munthu atapambana pa panelo, ife kuimbira ma referee ake, wina foni yosapezeka, wina akuti dzinali sindikulikumbuka bwino. Kodi anu mumawadziwitsa nthawi iliyonse mukafika gawo lomaliza?

Kambuzi_dev:
Ndinawapempha pamene ndinkamaliza sukulu. Awiri ndi aphunzitsi anga, mmodzi ndi wa ku internship.

NaPhiri wa HR:
Aimbireni sabata ino. Mphunzitsi amaona ana mazanamazana. Atumizireni CV yatsopano ndi ntchito imene mukufunsira, kuti foni ikalira akhale ndi chonena. Ndipo ngati pali munthu amene munamupangirako sisitimu, ngakhale mwini sitolo, ameneyo angakuchitireni umboni wamphamvu kuposa mphunzitsi wachiwiri.

Agogo a COBOL:
Ana anga, ine ndinayamba ntchito makompyuta akadali a m'chipinda chozizira chokhoma, ndiye mundilole ndinene zachikale. Mwanawe, pamene ukudikira kalata yaikuluyo, usakhale manja lende. Pita ku SACCO ya kwanuko, kusukulu ya pulaiveti, ku kachipatala, kwa wogulitsa zipangizo zomangira. Onsewo ali ndi mabuku amene akuwavuta. Apangire kanthu, akulipire ngakhale zochepa, ndipo ukhale nako miyezi ingapo kakugwa, iwe n'kumakadzutsa. Nkhani zimene akulu a ma server akufuna kumva pa panelo zimachokera kumeneko. Ikapezeka ya IT support, tenga. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Chilomoni Coder:
Agogo, ulemu wanu, koma ya IT support ija ndi msampha. Ndili ndi anzanga amene analowa akuti n'zongoyembekezera, lero zaka zadutsa akungosintha toner ndi kukonza Outlook ya bwana. Code anaiwala, ndipo akafunsira ya developer amauzidwa kuti experience yanu si yogwirizana.

Agogo a COBOL:
Umenewo ndi msampha kwa amene wafika n'kugona. Ali m'katimo ndiye amaona lipoti limene akaunti amavutika nalo pa Excel mwezi uliwonse, n'kulilembera script. Akatero kawiri katatu, pamene mpando wa developer utseguka, munthu uja amene iwe umadandaula kuti ntchito inali kale ndi mwini wake amakhala iyeyo.

Mayi wa Data:
Onse awiri mukunena zoona. Ine ndingati atenge, koma adziikire malire: madzulo ndi Loweruka azilembabe code, ndipo asasiye kufunsira. Njala nayonso imaononga intavyu. Munthu amene wabwereka ya basi amalowa m'chipinda ali ndi mtolo pamutu, amavomera chilichonse, amaopa kufunsa funso. Kandalama kapamwezi, ngakhale kochepa, kamabweza mtima m'malo.

Admin:
Ndikumbutse pang'ono poti nkhaniyi ikuwerengedwa ndi ambiri amene akusaka ntchito. Aliyense wokuuzani kuti mwapambana koma tumizani kaye ndalama ya medical, ya yunifolomu kapena ya training pafoni, ndi wakuba. Zotere mukaziona tumizani kwa ine ndichenjeze gulu.

Kambuzi_dev:
Agogo, pali sukulu ina kwathu kuno imene ndinaipangira kasisitimu ka fizi chaka chatha, ndipo akukagwiritsabe ntchito. Sindinkakatchula pa intavyu chifukwa ndinkaona ngati n'kakang'ono, code yakenso si yokongola. Pa panelo ndimakamba za project ya kusukulu ndi ma app a pa GitHub.

Mkulu wa ma Server:
Mphwanga, kameneko ndiye kayambe kutuluka pakamwa pako! Ana angati ali m'menemo? Kanagwapo liti, unadziwa bwanji, unakadzutsa bwanji? Bursar atalemba fizi ya mwana wina pa dzina la mnzake, munakonza bwanji osasokoneza mabuku? Backup imapita kuti magetsi akazima pakati pa ntchito? Ahedi atapempha chinthu chimene sichikanatheka, unawauza bwanji? Mafunso onse a panelo aja, akuti tiuze nthawi imene unasemphana ndi kasitomala, tiuze vuto lalikulu limene unathana nalo, mayankho ake ali m'kasisitimu kameneko. App ya pa GitHub imene palibe anaigwiritsapo ntchito ilibe nkhani ngakhale imodzi.

Chita izi. Lemba nkhani zitatu zochokera kusukuluko. Iliyonse inene mmene zinthu zinalili, chimene iweyo unachita, ndi mmene zinathera, ndipo isapitirire mphindi ziwiri poikamba. Uzinena kuti ndinachita, osati tinachita, chifukwa malikisi akupita kwa iwe. Uziyeserere mokweza m'Chingerezi, osati mumtima. Komanso kuyambira lero, ukangotuluka mu intavyu iliyonse, usanakwere minibasi, lemba mafunso onse amene wafunsidwa ndi mmene wayankhira. Pakapita nthawi udzaona wekha funso limene limabwerabwera.

Loweruka masana ndili ndi mpata. Tikhoza kupanga intavyu yoyeserera pa Google Meet, ine ndikhale bwana wa IT. Mayi NaPhiri, mungatithandize mbali ya HR?

NaPhiri wa HR:
Ndibwera, koma ikhale 3 koloko. A Kambuzi, munditumizire CV ndi chilengezo cha ntchito imene munakanidwa posachedwa, ndikonze pepala la malikisi ngati lenileni. Muvale ngati mukupita ku intavyu yeniyeni, kamera yoyatsa. Tikamaliza ndikuonetsani malikisi anu funso ndi funso.

Zomba_UX:
Ena tingalowe nawo kudzangomvera?

Kambuzi_dev:
Kwa ine palibe vuto, lowani. Mayi, ndatumiza zonse ku inbox. Ma referee ndiwaimbira mawa m'mawa, ndipo ahedi a sukulu ija ndikawapempha kuti akhale mmodzi wa iwo.

Chilomoni Coder:
Ine maganizo anga pa za kukondera sanasinthe, ndaziona ndi maso. Koma Loweruka mundisungire malo. A Kambuzi akamaliza, akulu mundifunseko funso la Mpamba yofika kawiri lija.

Mkulu wa ma Server:
Zatheka. Aliyense wofuna kuyesedwa alembe dzina pansipa lisanafike Lachisanu, titenga anthu atatu okha kuti aliyense apeze mphindi makumi atatu. Otsalawo sabata yamawa.